Nsagwada Inandifunsiritsa Mayi Ketulo

1

Nkhaniyi mwina munaimva kale m'minibasi, koma yopotoka, poti aliyense amene anaona tsiku lija anathirako mchere wake. Ena amati ndinalodzedwa. Ena amati Mulungu anandigwira pakamwa ndili pakati pa tchimo. Ndati muimve kwa mwini wake, ngakhale ndikudziwa kuti anthu mumakonda bodza lokoma kuposa zoona zozizira.

Ntchito yanga ndi yokonza mipando ya sofa. Sukulu ndinalekezera panjira, koma mpando sufunsa satifiketi. Shedi yanga ili kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala akale. Mpando ukabwera utang'ambika, siponji ili panja ngati matumbo a mbuzi, ndimausenda, kuukoka malamba atsopano, n'kuuveka nsalu. Mmisiri amene anandiphunzitsa ankati munthu ali ndi manja atatu, lachitatu ndi pakamwa. Timisomali timakhala m'kamwa, lilime n'kumatitulutsa kamodzikamodzi, hamala ikudikira. Ukakoka lamba, dzanja lina lagwira thabwa, lina lagwira hamala, ndiye mano ndi amene amaluma lambayo kuti asabwerere. Ndagwira chomwecho kuyambira ndevu zisanamere.

N'chifukwa chake ananditcha Pulayasi, dzina la chitsulo chija chopanira ndi kuzulira misomali. Botolo ndinkatsekula ndi mano. Fupa la ng'ombe ndinkaliphwanya anthu akuombera m'manja. Ngakhale mayi akunyumba ndinawapeza chomwecho. Kunali ukwati wa msuweni wanga, chotsekulira mabotolo chinasowa, ine n'kutsekula kireti yonse iwo akuyang'ana. Mpaka lero amakana, amati anandikonda chifukwa cha ulemu. Ulemu wake uti? Anali mano.

Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa kutsidya kwa tauni, anandigulira makina okhomera nsalu, aja amangoti tha! tha!

"Ababa, misomali imeneyo mudzaimeza tsiku lina."

Ndinamuthokoza, n'kuwakankhira pansi pa benchi. Mwana akayamba kukugulira zida zopepukitsa ntchito, dziwa kuti m'mtima mwake wayamba kukuyeza bokosi.

2

Chinayamba ngati nthabwala. Ndikamatafuna, pafupi ndi khutu lakumanzere pankamveka kuti kwe! Ndikayasamula, kwe! M'mawa ndinkadzuka masaya atalema ngati ndagona ndikutafuna lamba wa galimoto, mutu ukugunda m'mbali umu. Ndinayesa kuti ndi khutu, ndinathiramo mafuta. Ndinayesa kuti ndi dzino, ndinawagogoda onse ndi msomali, palibe linadandaula. Kenako ululu unapeza malo ake n'kumanga nyumba: kutsogolo kwa khutu, pamene nsagwada imalumikizana ndi mutu.

Sindinauze munthu. Ndikanauza ndani? Wowotcherera, amene nkhani ikalowa m'khutu lake imatulukira pakamwa isanazizire? Achipatala? Mkulu wanga analowa pachipata cha chipatala akuyenda yekha, akundisimbira za njinga imene ankafuna kugula. Anatuluka atamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ine kumeneko ndidzapita atandinyamula. Ndinkangogula mapilisi kugolosale n'kumameza ngati mtedza, mpaka m'mimba munayamba kutentha.

Tsiku lina madzulo mayi anandiikira mbale patebulo. Munali mbatata yosinja, mazira, ndi nyama yogaya yosambira mu msuzi.

"Ichi n'chiyani?"

"Chakudya, bambo."

"Cha ndani? M'nyumba muno mwabadwa khanda?"

"Ndangoti tisinthe. Nanga tsiku lililonse zolimba?"

"Mwandiona ndagweluka mano? Mukufuna anthu amve kuti Pulayasi akumudyetsa ndi supuni?"

"Palibe amene ali pawindo, bambo. Tili awiri."

"Awiri ndi ambiri. Chotsani. Ndikufuna nyama yokazinga, ya fupa, monga kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunyamula mbale ija. Kuyambira tsiku lotsatira inali nyama yokazinga, youma gwa, monga ndinalamulira. Ndinkatafunira mbali imodzi, misozi ikulengeza. Iwo akatembenuka, nthuli zina ndinkazilowetsa m'thumba la jekete kuti ndikaponyere galu wa aneba. Galuyo ananona. Ine lamba ndinabooleza kawiri.

Ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti mayi akuchitira dala. Ndinaitanitsa ndekha, inde. Koma mkazi wachikondi akanamvera zimenezo?

3

Pakona ya msika pali kanyumba ka tiyi. Mwini wake ndi mayi wamasiye, wojintcha, wa mawu aakulu, amene aliyense amangomutcha Mayi Ketulo. Kutsogolo kuli mabenchi ndi matebulo a pulasitiki. Kenako katani yamaluwa, ndipo kuseri kwake ndi kukhitchini, komwe kuli khomo lina lotulukira m'kanjira ka kumbuyo.

Tsiku lina masana ndikudutsa, dzanja lili pa tsaya, anandiitana.

"A Pulayasi, mwatha bwanji chonchi? Malaya akukuvalani ndinu."

"Ntchito, mayi."

"Talowani. Pali kasitomala anaitanitsa chakudya, sanabwere. Chingotayika."

Anandidutsitsa pa katani n'kundikhazika pa kampando pafupi ndi mbaula, pomwe diso la munthu silifika. Anabweretsa kontena yokulungidwa m'nsalu yobiriwira. Atamasula, fungo lake linandigwira pakhosi. Mpunga wophikidwa mpaka kufewa, nsomba yochotsedwa minga yonse, dzungu losinja lothira batala pang'ono. Chakudya chinkangosungunuka pa lilime, mano osagwira ntchito. Ndinakhuta koyamba pa nthawi yaitali.

"Kasitomala wanuyo mawa abwera?"

"Ndi wosadalirika ameneyo. Mudzadutse."

Ndinadutsa. Mkuja wake ndinadutsanso. Kasitomala uja sanabwere konse, Mulungu amudalitse. Lero nthochi zophika ndi nyama yogaya, mawa nyemba zosefa makoko, tsiku lina msuzi wa nkhuku wokhala ndi buledi woviika. Ndikamaliza, Mayi Ketulo ankaviika kathawulo m'madzi otentha, kufinya, n'kundipatsa.

"Ikani apa, pafupi ndi khutu."

"Ndani wakuuzani kuti pakuwawa?"

"Palibe. Ndangoona kuti mbali imeneyo yachita fumbi."

Kutentha kuja kunkamasula tsaya mpaka maso kutsinzina okha. Ndinkakhala pamenepo, kathawulo pa tsaya, ndikuyang'ana nsalu yobiriwira ija. Ndinaidziwa. Inali ya veleveti, ya timaluwa tagolide m'mphepete, yotsala pa mipando ya bwana wina amene ndinamukonzera chaka chatha. Zotsalazo sindinakumbuke kumene ndinaziika, koma yankho ndinalipeza msanga: mayiyu anakatola ku shedi kwanga ine kulibe. Ndipo mkazi sasunga chigamba cha mwamuna pachabe.

Ndinayamba kupesa ndevu. Ndinagula sopo wonunkhira.

4

"A Pulayasi, masiku ano mukusalala," anatero wowotcherera, atakweza chigoba chake chakumaso. "Tiyi wa kuseri kwa katani ali ndi mavitamini."

"Wotcherera zitsulo, usiye za anthu."

"Ine ndilibe mawu, akulu. Kungoti mukamadya kwa eni, muzidziwa kuti kwanunso kukudya ena. Alamu anga ndimawaona tsiku lililonse dzuwa likakwera, akulowa kanjira ka kumbuyo kwa msika, basiketi m'manja. Potuluka basiketi yapepuka."

Timisomali tinali m'kamwa, ndinatsala pang'ono kutimeza. M'kanjira kameneko muli telala wina, wamagalasi, wodzola mafuta m'tsitsi, amene mkazi wake anamuthawa. Ndinaphatikiza ziwiri ndi ziwiri. Kusukulu masamu ankandivuta, koma amenewa ndinawakhoza nthawi yomweyo.

Kunyumba ndinayamba kufufuza mwakachetechete. Pa thandala panali kapoto kotsukidwa kamene ine sindinadyeko za m'menemo. Manja a mayi ankanunkha nsomba, pamene ine andiikira ng'ombe. Sefa inali yonyowa. Mwamuna wina akudya zosefa, ine ndikulimbana ndi mafupa!

Sindinafunse. Kufunsa n'kupatsa munthu mpata wonama. Ndinangoluma mano, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikukhoma mipando ngati ndikukhoma mutu wa telala. Ululu unafika mpaka m'khosi. Pakamwa panayamba kukana kutsekuka bwino, supuni inkalowa mopempha.

"Bambo," anatero mayi tsiku lina tikumwa tiyi, "mukagona mukumakukuta mano ngati chigayo. Tiyeni mukaonetse kuchipatala."

"Mukufuna akandimalize kuti mutsale momasuka?"

"Momasuka ndi ndani?"

"Mukudziwa."

"Sindikudziwa. Nenani."

"Ndinene chiyani? Ndingokuuzani kuti kunja kuno kuli akazi odziwa kuphikira mwamuna. Chakudya chake chimachita kusungunuka. Osati zikopa zimene ndimadya muno."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Eti? Amaphika bwino?"

"Simungafikeko."

"Ndiye muziwathokoza, bambo."

Anatembenukira kukhoma, mpango pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinati akulira, ndipo ndisaname, ndinakondwa. Tsiku lomwelo ndinagamula: ngati iwo ali ndi telala, ine ndili ndi Mayi Ketulo.

5

Ndinavala jekete ya kutchalitchi pakati pa sabata. Sindinadikire masana. Mawu ndinali nditawakonza, ndipo ndinaopa kuti akazizira. Ndinalowa m'kanyumba ka tiyi anthu akadali pa tiyi wam'mawa, ndinadutsa katani osaodira.

Mayi Ketulo anali akukanda ufa wa masikono. Atandiona anayang'ana khomo lakumbuyo.

"Mwafulumira, a Pulayasi. Chakudya sichinaf... sichinapse."

"Sindinabwerere chakudya. Khalani pansi, mayi."

"Manja ali mu ufa. Nenani."

Ndinanena. Pakamwa pankangotsekuka pang'ono, ndiye mawu ankatuluka ngati a munthu woyankhulira m'botolo, koma ndinanena. Ndinati ndine mwamuna wa ntchito yake, sindimwa mowa wogona m'ngalande. Ndinati kunyumba ndili ngati mlendo, mkazi amene ndinamukwatira anasanduka mdani, akudyetsa ena, makamaka telala wa m'kanjira. Ndinati munthu amene amadziwa pamene mnzake pakumuwawa, osauzidwa, ameneyo ndiye mkazi. Ndinati nsalu yanga ndinaiona, ndipo ndamva zimene ikunena.

Kuseri kwa katani makapu anasiya kulira. Anthu ankamvetsera.

Mayi Ketulo anapukuta manja pa epuloni.

"A Pulayasi, ndifunse. Mukufunsira ine, kapena chakudya?"

"Chakudya ndi mtima wa wophika. Amene amaphika chomwe chija ndiye ndikufuna kufa naye."

"Mwatsimikiza?"

"Ndalumbira."

"Ndiye tembenukani. Mwini wake ali kumbuyo kwanuko. Ine ngakhale dzira limandipserera."

Ndinatembenuka. Pakhomo lakumbuyo panaima mayi akunyumba, basiketi m'manja. M'basiketimo munali kontena, yokulungidwa m'nsalu yobiriwira ya timaluwa tagolide. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kumene zotsala zija zinapita. Ndinapita nazo ndekha kunyumba, kuti mayi asokere mapilo.

Munthu wanzeru akanagwada. Ine ndinaona kuti njira yabwino ndi kukalipa. Ndinakoka mpweya kuti ndikuwe kuti, "Ndiye mwakhala mukundipusitsa nonse awiri!" Ndinayasama ndi mphamvu zonse, monga ndinkachitira ndili mnyamata.

Gwe!

Pakamwa panatsekuka, n'kukhala pomwepo. Ndinayesa kutseka, osatheka. Nsagwada inali itatulukira kutsogolo, ululu ukubaya m'makutu onse awiri ngati misomali yamoto. Mawu anangotuluka akuti, "Aaa! Aaa!" Malovu anayamba kutsikira pa jekete ya kutchalitchi.

Wina anakoka katani.

6

Sindikudziwa kuti msika umamva bwanji nkhani. Posakhalitsa ogulitsa tomato, okonza mafoni, onyamula katundu, onse anali pakhomo, akusuzumira m'kamwa mwanga ngati muli kanema. Telala nayenso anabwera, tepi ili m'khosi, munthu wosalakwa ngati mwana wobadwa dzulo.

"Chilango ichi!" anatero mayi wina. "Amafunsira mkazi wake ali pompo!"

"Tapatukani," anatero wowotcherera, akupinda malaya. "Izi n'zazing'ono. Khofi limodzi pansi pa chibwano, chibwerera. Ndinachitapo ndi chitseko cha galimoto."

"Mukamukhudza ndikuthirani madzi a mu ketulo," anatero mayi akunyumba, osakweza mawu. "Itanani takisi."

Anamasula nsalu yobiriwira ija pa kontena n'kundigwiritsa pakamwa kuti ndibise manyazi ndi malovu. Ndinafuna kunena kuti kuchipatala sindipita. Ndinati, "Aaa." Anandigwira mkono uku mayi, uku wowotcherera, mapazi osagunda pansi bwinobwino. Lumbiro langa linakwaniritsidwa: ndinapita atandinyamula.

Anatilowetsa m'chipinda cha dokotala wa mano. Anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Ndinayang'ana manja ake ang'onoang'ono n'kuyamba kulapa machimo.

"Zayamba liti, agogo?"

"Aaa."

"Ndiyankha ndine," anatero mayi. "Kulira kwa nsagwada kunayamba mvula isanagwe. Kumanzere. Amatafunira kumanja. M'mawa amadzuka akugwira mutu. Akagona amakukuta mano. Misomali amasunga m'kamwa, malamba amakoka ndi mano, mabotolo chimodzimodzi. Mapilisi amabisa m'thumba la ovolosi, amamwa osadya, ndiye m'mimba mukuwaotcha. Nyama amapatsa galu wa aneba."

Ndinawayang'ana. Chinsinsi changa chonse, chimene ndinachisunga ngati ndalama ya maliro, chinali kuwerengedwa ngati mndandanda wa kumsika.

"Nanga bwanji simunabwere kale?"

"Afunseni akatseka pakamwa. Kapena ayi, musawafunse. Pamakhala bwino pali chonchi."

Dokotala anaseka m'kansalu kake kakumaso. Anandibaya jakisoni kuti minofu ifewe, anakulunga zala zake zazikulu ndi bandeji, n'kuzilowetsa m'kamwa mwanga pa mano akumapeto. Anakanikizira pansi, pansi, kenako kumbuyo. Khu! Mano anakumana. Sindinadziwe kuti kutseka pakamwa n'kokoma chotero.

Anandimanga bandeji kuchokera pansi pa chibwano mpaka pamutu, mfundo pamwamba ngati makutu a kalulu wa m'khola. Maliro enieni amamangidwa bwino kuposa pamenepo.

7

"Mvetserani, agogo," anatero dokotala. "Apa pali ngati hinji ya chitseko, koma ya mnofu. Mwaigwiritsa ntchito ya pulayasi zaka zonsezi, ndiye yatopa. Inakuchenjezani kalekale. Mukanabwera nthawi imene munayamba kulephera kutafuna, sitikanafika pokulowetsani zala m'kamwa."

Anandiuza kuti ndidye zofewa kwa masabata angapo, zodula ting'onoting'ono. Kathawulo kofunda pa tsaya. Poyasamula, chibakera pansi pa chibwano. Masana milomo izikumana koma mano asamagundane. Mapilisi a kugolosale ndisiye, ndimwe amene andipatse, kwa masiku amene anene. Anati adzandipangira kapulasitiki kovala m'mano pogona. Misomali, malamba ndi mabotolo, zimenezo zatha.

"Zofewazo ndi kathawulo akhala akuchita kale," anatero mayi. "Ndinabwera kuno ndekha kudzafunsa kwa anesi. Anandiuza zomwezo, n'kuti ndibwere nawo mwini wake. Ndiye mwini wake ndi uyu mukumuonayu."

Kunyumba anandikhazika pa mpando, anandiphikira phala, anandipatsa supuni yaing'ono. Kenako ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi.

"Mukupita kuti?" Mawu ankatuluka m'mano, bandeji itagwira.

"Kwa mwana."

"Nanga si mwamva nokha? Ndinati ndikufuna wophika chakudya chija. Ndinu. Ndiye kuti ndafunsira inu kachiwiri."

Anasiya kupinda zovala.

"Bambo, musandiseketse, ndaseka mokwanira. Tsiku lija munati sindingafikeko, ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Ndinkati tsiku lina mudzadziwa, tidzaseka limodzi. Ndinkadzuka kusefa nyemba, kuchotsa minga imodziimodzi, kuzungulira njira yakumbuyo ngati wakuba, kupempha mayi wa eni kuti aname, chifukwa mwamuna wanga sangadye chofewa pamaso panga. Zimenezo sindinadandaule. Za kufunsira nazo ndikanati ndi njala. Koma munauza msika wonse kuti ndine mdani wanu, ndikudyetsa amuna ena. Telala! Munthu woti ngakhale moni sitipatsana!"

"Ndi wowotcherera anati..."

"Wowotcherera munamukhulupirira. Mayi Ketulo munawakhulupirira. Ngakhale galu wa aneba ankadziwa kuti simukutha kutafuna. Ine ndekha, wa zaka zonsezi, ndi amene simukanandiuza kuti, mayi, pakundiwawa apa."

Anatseka sutikesi.

"Za mawa zili mu kontena," anatero. "Mutenthetse pang'ono, musapsereze."

8

Ndinatulutsa makina aja pansi pa benchi, ndinawapukuta fumbi. Amagwira ntchito, ndisawanamizire. Timisomali ndinatithira m'chitini. Wowotcherera anasiya kunditcha Pulayasi, tsopano amati a Hinji. Kwa Mayi Ketulo ndinapitako kamodzi, njala itandipanikiza. Anandipatsa nyama yophika okha. Ndinaiyang'ana, inandiyang'ana, ndinamwa tiyi n'kutuluka. Sananame za dzira lija.

Ndinaphunzira kusinja mbatata. Ndinkaika kathawulo m'mawa ndi madzulo, kapulasitiki m'mano pogona. Pang'onopang'ono ululu unasamuka, kwe uja anatsala wa apo ndi apo, wopanda ukali.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga. Pa benchi yodikirira ndinapeza mayi atakhala, chikwama pamiyendo.

"Mwabwera."

"Ndimafuna ndione ngati mubwere."

Tinalowa limodzi. Dokotala anandigwira kutsogolo kwa makutu, anandiuza kuti nditsekule, nditseke. Anati zili bwino, ndiyambe zolimbirako pang'onopang'ono, koma mafupa ndisiyire agalu. Titatuluka panja ndinayeretsa kukhosi.

"Mayi, kunyumba kuli zii. Ndinalakwa."

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku la mbatata yosinja.

"Tayasamani ndione."

Ndinayasama bwinobwino, mosamala, ngati mwana wa sukulu.

"Sipakuwawa?"

"Ngakhale pang'ono."

"Mukutafuna mbali zonse?"

"Zonse."

"Ndiye mwachira, bambo. Mutha kutafuna zophika nokha."

Anakwera minibasi yopita kutsidya kwa tauni.

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga a mitu youma, sindine m'busa ndipo malangizo a anthu sindiwakonda, ndiye awa muwatenge kapena muwasiye. Nsagwada ikangolira kwe popanda ululu, si maliro. Ikayamba kuwawa, ipumitseni: zofewa, kathawulo kofunda, mano asiye ntchito za zitsulo. Nthawi zambiri imamva. Koma masabata akadutsa osasintha, kapena mukulephera kudya, pakamwa pakukana kutsekuka kapena kutsekeka, patupa, thupi latentha, mano sakukumananso monga kale, kapena munamenyedwapo, pitani akakuoneni. Dokotala uja anandiuzanso kuti ululu wa nsagwada ukabwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta kapena kubanika, imeneyo si nkhani ya mano, thamangani nthawi yomweyo. Achipatala sindinayambe kuwakonda. Koma ndinalowa atandinyamula, ndinatuluka ndikuyenda, ndipo zimenezo sindingazikane.

Chinanso, m'nyumba mwanu muli munthu amene amamva nsagwada yanu ikamalira, ngakhale mutatseka pakamwa chotani. Muuzeni nokha asanakuuzeni pamaso pa dokotala.

Lamlungu lililonse ndimapita kwa mwana, nditapesa ndevu. Amandilandira bwino, amandipatsa mpando. Mayi amandiikira nyama yokazinga, youma gwa, ya fupa, monga ndinalamulira. Ndimaidula ting'onoting'ono n'kudya yonse, poti kumeneko kulibe galu. Nsalu yobiriwira ija ndinaichapa, ndinaisita, ndimapita nayo m'thumba la jekete. Sabata yatha ndinaiika patebulo pafupi ndi dzanja lawo. Anaiyang'ana, anaisalaza ndi chala, n'kuikankhira kwa ine.

"Sungani," anatero. "Mwina kasitomala uja adzabwera."

Ndaganizapo zonamizira kuti ululu wayambiranso. Koma mkazi amene ankamva kwe ali kukhitchini, ine ndili pabalaza, mungamunamize ndi chiyani?